Bango lophwanyika sadzalithyola

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Mawu athu m'mawa uno ndi aja a pa Yesaya 42:3, "Bango lophwanyika sadzalithyola." Ndisanapite patali ndikupempheni: ngati pakhomo panu pali bango lophwanyika, lero lokha musalithyole. Dikirani kaye.

Ine Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kuthyola langa.

Mwana wanga wachiwiri amaimba rap. Anayamba ali Fomu 2, kulemba mizere kumapeto kwa makope a kusukulu, kwinaku akugogoda chidebe cha madzi. Nyimbo yake yoyamba anakajambulira m'kachipinda ka mnzake pa Nchalo, makoma atakhomamo matileyi a mazira kuti mawu azimveka bwino. Namondwe wa Freddy atatisesa mu 2023, anaimba za anthu amene ankagona m'makalasi madzi atawalanda nyumba, mbuzi ndi minda. Nyimboyo inayenda pa WhatsApp, anyamata a kabaza ankaiimba akupalasa kuchokera pa Dyeratu, mpaka achibale a ku Bangula anandiimbira foni kufunsa ngati analidi mwana wanga. Ine yemwe ndinkati rap ndi phokoso chabe, ndinaimvera kuseri kwa nyumba misozi ili chuchuchu. Mulungu anaikamo kanthu mwa mwanayu, ndipo zimenezo sindidzazikana.

Kenaka anakwera phiri kupita ku Blantyre, akuti kumeneko ndiye kuli masitudiyo enieni. Anabwerako patatha miyezi isanu ndi itatu, lamba ataboolanso mabowo awiri, maso ali psuu. Chamba, kachasu, ndi mankhwala a chifuwa aja amasakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Akuti popanda zimenezi mizere sibwera. Ndikamudzudzula amati, "Amama, chamba boma linaloleza." Ana athu anamva mbali imodzi. Lamulo la 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso. Kusuta n'koletsedwabe, ndipo ngakhale kukanaloledwa, ine ndikuona ndi maso anga chimene kwamuchita mwana wanga.

Lachiwiri ndinatsegula chipinda chosungira zakudya, n'kupeza thumba la mapira palibe. Linali lomaliza. Atabwera usiku akudzandira, pakamwa panga panatuluka moto: "Choka, usadzapondenso pano. Ine ndinabereka mwana, osati chidakwa." Sanayankhe. Analowa, anatenga kope lake lija, n'kutuluka. Tulo sindinatione.

Kutacha ndinaona agogo ena oyandikana nafe atakhala pansi pa mtengo wa nimu akusoka mphasa, bango la ku Shire lili mulu pambali pawo. Ndakulira m'chigwa muno, mphasa ndagonera kuyambira ndili khanda, koma ndinali ndisanayang'anitsitse. Amatenga bango, kuling'amba, kuliphwasula mpaka lifike poyalika, kenaka singano yaitali ija ndi chingwe n'kumalilumikiza ndi linzake. Ndinawafunsa, "Agogo, nanga bango likabwera losweka kale mumalitaya?" Anaseka. "Mayi, bango sililowa m'mphasa lisanasweke. Limene limandikanika ndi lothyoka pakati, chifukwa lafupika."

Ndinakhala pansi pomwepo. Kuphwanyika ndi kwina, kuthyoka ndi kwina. Mwana wanga chamba ndi mowa zamuphwanya, zoonadi. Koma wofuna kumuthyola pakati usiku uja ndinali ine, mayi wake, amene Lachinayi lililonse ndimavala yunifolomu kupita kukapemphera.

Abale, tisanamizane, ife a kumpingo manja athu sachedwa kuthyola. Mnyamata akangodutsa tsitsi litapotana, buluku lili m'munsi, tayamba kale kunong'onezana: "Uja ndi wachamba." Dzina lake laubatizo taliiwala. Nyimbo yake ikamveka tingoti za satana, osamva n'komwe kuti akulira chiyani. Mayi wake akalowa m'tchalitchi timamuyang'ana cham'mbali ngati ndiye anamuyatsira ndudu yoyamba. Chonsecho ifeyo pamaliro, pachinkhoswe, pamsonkhano wa amayi, timakhala pamphasa, ndipo m'mphasa monsemo mulibe bango ngakhale limodzi limene silinang'ambidwe. Musalithyole. Inu bambo amene mwalumbira kuti mwana uja kwa inu anafa, musalithyole.

Sindikunena kuti tizilekerera. Mapira anga anapitadi, ndipo chipinda chija ndagulira loko. Ndalama m'manja sindimupatsanso. Akafuna chakudya adye pakhomo. Singano ya agogo aja imabaya, siisisita. Koma imabaya kuti chingwe chidutse, bango ligwirane ndi anzake. Bango lophwanyika likakhala lokha pabwalo, dzuwa lathu lino la ku Ngabu limaliumitsa, mbuzi n'kulipondaponda. Mwana amene tamuthamangitsa sapita kutchalitchi, amabwerera komwe kuli kachasu, chifukwa kumeneko ndiye samufunsa mafunso.

Ndipo chingwe china Mulungu anachiika m'manja mwa achipatala. Munthu amene thupi lazolowera mowa akasiya mwadzidzidzi amanjenjemera, amatuluka thukuta, ena mpaka kukomoka. Ameneyo akufunika dokotala pamodzi ndi pemphero. Kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, kuli a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amene amathandiza ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo poyambira ndi pachipatala chathu cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Kupita naye kumeneko si kuchepa chikhulupiriro. Ine ndinachedwa chaka chathunthu chifukwa cha manyazi, poopa kuti anthu anena chiyani, bango langa likunka liphwanyikirabe.

Dzulo madzulo mnzake wandiuza kuti mwana wanga akugona kuseri kwa kagolosale kena pafupi ndi msika, kope lija atatsamira. Phala lili pamoto pamene ndikulemba izi. Ndikufuna ndikamupeze dzuwa lisanakwere, ndisanayambe kuganiza zambiri. Mundipempherere pakamwa pangapa, kuti ndikafika ndikayambe ndi kumutchula dzina lake.