Timabowo ta pa ndudu "yopepuka"

Zikomo a Gulupu, mafumu, amayi ndi abambo nonse. Ndabwera ndi ndudu imodzi, koma si yosuta ayi. Iyende m'manja mwanu, aliyense aione. Yang'anitsitsani pa kasefa, mbali yolowa m'kamwa ija. Mukaiunika padzuwa muona timabowo ting'onoting'ono titazungulira.

Kuboola kotereku kunafala m'zaka za m'ma 1970, anthu atayamba kuopa khansa ya m'mapapo. Timabowoti timalowetsa mpweya kuti utsi usungunuke. Makina oyezera akakoka nduduyo amapeza phula ndi chikonga zochepa, ndiye pa paketi nkulembapo "light" kapena "mild", ngati kuti fodyayo ndi wofatsa.

Koma makina alibe chibaba, alibenso zala.

Amayi, thobwa likachuluka madzi, waludzu la thobwa amatani? Eya, amapempha chikho chachiwiri. Wosuta naye thupi lake linazolowera mlingo wake wa chikonga, ndipo limaufuna wonse. Utsi ukapepuka, amakoka mwamphamvu, amakoka pafupipafupi, amausunga nthawi yaitali m'chifuwa, nduduyo amaisuta mpaka kutsala kachitsa. Wina amene ankasuta zisanu patsiku amapezeka akugula zisanu ndi ziwiri. Ndipo taonani mmene bambo awo aigwirira apo. Zala zawo zili pa timabowo pomwe paja! Milomo nayo imatseka. Munthu sachita dala, sadziwa n'komwe kuti akutero.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti utsi wosungunukawu sukanda pakhosi, choncho munthu amaumeza mosavuta mpaka umakafika kunsi kwenikweni kwa mapapo. Madokotala aona kuti mtundu wa khansa umene umayambira kunsi kumeneko wachuluka pakati pa osuta. Ndipo ambiri amene akanasiya fodya anangosintha paketi, mtima nkukhala m'malo.

Mu 2001 bungwe loona za khansa la boma la America, National Cancer Institute, linanena poyera kuti ndudu zimenezi sizinachepetse matenda. Mu 2006 woweruza wina wa kumeneko, Gladys Kessler, anagamula kuti makampani a fodya ankadziwa zimenezi koma ankanamiza anthu. Pangano la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, loletsa kufala kwa kusuta, limene dziko lathu la Malawi linalowamo mu 2023, limakana mawu onyenga oterewa pa mapaketi. Koma mawu akachotsedwa, mtundu wa paketi umatsala. Yoyera kapena yotuwa ija anthu amaiyesabe yabwinoko.

Agogo afunsa za chingambwe. Ayi agogo, sindikunena kuti mubwerere ku chopichira pamanja. Utsi wake nawo uli ndi phula lomwelo.

Amene mukufuna kusiya, musachite manyazi. Tikamaliza pano ndikhala pansi pa mtengo wa mango uwo, tikambirane mmene mungapirire masiku oyambirira, chifukwa chibaba chimavuta kwambiri sabata yoyamba. Nduduyo ikafika kumbuyoko ibwerere kuno.