Update ya Windows yakanika panjira? Musathamangire kufomata

Moni nonse amene mukuonera. Vidiyo ya lero ndi ya inu amene munalola kuti Windows isamukire ku mtundu watsopano, kenako kompyuta n'kuima panjira. Mwina timadontho tija tikungozungulira pa sikirini, mwina ikumazima n'kuyakanso yokha, mwina yalemba kuti "Undoing changes made to your computer". Ambiri akumana nazo zimenezi pochoka pa Windows 10 kupita pa Windows 11, makamaka Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti munthu akangoona zotere amathamangira kufomata. Zithunzi za ana, ntchito ya kusukulu, mabuku a bizinesi, zonse n'kupita, chonsecho zinali bwinobwino m'katimo. Update ikalephera, nthawi zambiri mafayilo anu amakhala osakhudzidwa. Poika mtundu watsopano, Windows imasunga wakale uja mu foda yotchedwa Windows.old n'cholinga choti zikavuta ibwerere. Ndiye mukaona mawu akuti "Undoing changes", dziwani kuti ikubwerera yokha. Isiyeni.

Ngati ndi laputopu, lumikizani chaja. Zulani pirinta, fulashi ndi china chilichonse cholowa pa USB, kupatula kiyibodi ndi mausi. Kenako dikirani ndithu. Pa kompyuta ya hard disk yakale, ntchitoyi imatha kutenga maola angapo, ndipo nambala ya peresenti imaima malo amodzi nthawi yaitali kenako n'kudumpha. Ngati kanyale ka disiki kakuphethira, ntchito ili m'kati. Kuzimitsa pa nthawi imeneyi ndiko kumaononga zinthu.

Nanga ngati papita maola ambiri popanda chosintha? Apo tilowe m'chipinda chokonzera cha Windows, chotchedwa Windows Recovery Environment. Kanikizani batani loyatsira osalisiya mpaka kompyuta izime. Iyatseni, ndipo chizindikiro cha Windows chikangooneka, izimitseninso chimodzimodzi. Mukatero kawiri, ulendo wachitatu imazindikira kuti pali vuto n'kuyamba Automatic Repair. Pa sikirini ya buluu imene ibwereyo, dinani Advanced options, kenako Troubleshoot, kenako Advanced options kachiwiri.

Apa mvetserani bwino. Makompyuta ambiri atsopano amabwera disiki yake ili yokhoma ndi BitLocker, mwiniwake osadziwa n'komwe. Ngati yanu ili choncho, ikufunsani kiyi ya manambala 48. Musaganize kuti ndi pasiwedi yanu ya masiku onse, ayi. Kiyi imeneyi nthawi zambiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Tengani foni, lowani mu akauntiyo pa intaneti, pitani pa zipangizo zanu, muipeza. Ngati kompyuta ndi ya kuntchito, funsani a IT. Popanda kiyi imeneyi palibe angatsekule disikiyo, ngakhale a Microsoft enieniwo. Ngakhale inu amene kompyuta yanu ili bwino lero, ipezeni kiyiyi muilembe papepala.

Tisanakonze kalikonse, tipulumutse mafayilo. Onani mmene ndikuchitira pa sikirini. Ndadina Command Prompt, patuluka kawindo kakuda. Ndalemba mawu amodzi okha, notepad, n'kukanikiza Enter. Notepad yatseguka. Ndikupita pa File, kenako Open, ndipo pansipa pamene palembedwa Text Documents ndikusintha kukhala All Files. Ndikudina This PC, taonani, madisiki onse akuoneka. Tsopano ndalowetsa fulashi yanga, ndikulowa mu foda ya Users, ndikudina dzina langa, ndikukopera Documents n'kukaika pa fulashi. Musadabwe mukapeza kuti disiki imene mumaidziwa kuti C pano ikutchedwa D kapena E, zilembo zimasintha m'chipinda muno. Komanso sikuonetsani kuti kukopera kwafika pati, kawindo kamangooneka ngati kauma. Kapatseni nthawi.

Mafayilo ali pabwino, tibwerere pa Advanced options. Yesani Startup Repair kaye, siivuta. Ikakanika, dinani Uninstall Updates. Mupeza zosankha ziwiri. Quality update ndi tima update ta mwezi ndi mwezi, pamene feature update ndi kusamuka kwakukulu kuja. Sankhani yogwirizana ndi chimene chakugwerani. Koma mwayi wobwerera ku mtundu wakale umakhalapo masiku 10 okha, akatha Windows imafufuta yokha mafayilo akale aja. N'chifukwa chake ndimati musafufute Windows.old pofuna malo musanakhutire kuti zonse zikuyenda. Kwa amene Windows yatsopano ikuyaka koma ikuvutavuta, njira yake ndi Settings, System, Recovery, kenako Go back.

Kompyuta yayaka tsopano. Musathamangire kudinanso update yomweyo, ikagwa pomwe inagwera poyamba. Pitani pa Windows Update, tsegulani Update history, muone nambala ya vuto. Nambala imeneyi imalankhula. Ikakhala 0x80070070, ndiye kuti disiki yadzaza, chotsani mavidiyo ndi zina zolemera. Ikakhala 0xC1900208, pali pulogalamu ina yosagwirizana ndi Windows yatsopano, ichotseni. Imene imazunza anthu kwambiri ndi yoyamba ndi 0xC1900101. Iyi imaloza ku driver, kapulogalamu kamene kamalumikiza Windows ndi chipangizo monga khadi ya zithunzi, Wi-Fi kapena disiki. Pitani pa webusaiti ya kampani imene inapanga kompyuta yanu, lembani model yake, mutenge ma driver atsopano kumeneko. Mapulogalamu aja olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi, ine sindiwakhulupirira. Ngati muli ndi antivirus ya kampani ina, ichotseni kaye, Microsoft Defender, antivirus yobwera ndi Windows, ikutetezani pa nthawiyi.

Ikakhala 0xC1900200, kompyuta yanu siikukwanitsa zofunika. Windows 11 imafuna RAM yosachepera 4 GB, disiki ya 64 GB, purosesa imene ili pa mndandanda wa Microsoft, ndiponso zachitetezo ziwiri zotchedwa Secure Boot ndi TPM 2.0. Pulogalamu ya PC Health Check ikuuzani chimene chikusowa. Kawirikawiri TPM imakhala ilimo koma yozimitsidwa mu BIOS, malo osinthira makonzedwe a kompyuta Windows isanayake, kumene pa Intel imatchedwa PTT ndipo pa AMD imatchedwa fTPM. Njira zodumphira malamulowa zilipo, koma Microsoft imanena poyera kuti siikulonjeza ma update pa kompyuta yotero. Pa kompyuta imene mumadalira pa ntchito, sindingakulangizeni zimenezo.

Chatsala ndi kukonza mafayilo a Windows amene mwina anaonongeka. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, mulembe lamulo ili, intaneti ili yolumikizidwa:

DISM /Online /Cleanup-Image /RestoreHealth

Likatha, lembani ili:

sfc /scannow

Dongosolo lake ndi lomweli, chifukwa loyamba limakonza nkhokwe imene lachiwiri limatengako mafayilo abwino. Zimitsani n'kuyatsanso, muyesenso update. Ikakanabe, tengani fayilo ya ISO, imene imakhala ndi Windows yonse m'kati, pa webusaiti ya Microsoft, muitsegule muli m'kati mwa Windows, mudine setup.exe, ndipo onetsetsani kuti mwasankha Keep personal files and apps.

Kufomata kubwere zonsezi zikakanika, mafayilo anu mutawaona ndi maso kuti akutseguka pa kompyuta ina. Mufunika fulashi ya 8 GB kapena kuposa, ndipo Media Creation Tool, pulogalamu ya Microsoft yoikira Windows pa fulashi, idzafufuta zonse zili pa fulashiyo, choncho isakhale yomwe munasungirapo mafayilo ija. Koma ngati hard disk ikulira kuti tiki tiki, kapena kukopera kukumaima ndi mauthenga a vuto, ndiye kuti disikiyo ikufa. Koperani zimene mungathe lero lomwe, muike disiki ina musanaikenso Windows.