Foni ya mamiliyoni awiri, kodi ikuyenera ndalama zakezo?

Takulandirani nonse, amayi, abambo ndi achinyamata anzanga! Lero ndili pa Dedza boma, phiri lija mukuliona kumbuyoku, ndipo kukuzizira kwabasi, ndiye mundikhululukire mawu akamanjenjemera. Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati mafoni atsopano odula aja ndi oyenera kugula. Tisachedwe.

Choyamba, mtengo. Samsung Galaxy S24 Ultra inatuluka mu 2024 pa madola 1,299 ku America, iPhone 16 Pro Max chaka chomwecho pa madola 1,199. Chitsitsireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola imodzi ku banki inapitirira K1,700. Werengerani nokha. Mamiliyoni awiri adutsa kale, msonkho ndi phindu la wogulitsa zisanalowe. Ndipo m'bokosimo mulibe mutu wa chaja, Apple, kampani yopanga iPhone, inasiya kuikamo mu 2020.

Chachiwiri, zabwino zake zilipo, sindikana. Imathamanga, sikirini imaoneka bwino ngakhale padzuwa, ndipo Samsung inalonjeza kuti S24 izilandira pulogalamu yatsopano kwa zaka 7.

Tsopano chachitatu, ndipo apa khalani pansi bwinobwino chifukwa ndi pomwe pamandiwawa mtima. Nkhani ya ma megapixel, nambala ija yosonyeza kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi! Mukalowa m'sitolo, mnyamata wogulitsa amakuuzani kuti, “Bwana, iyi ndi 200 megapixel, yanuyo ndi 12 yokha.” Inu mtima phaa, mwayamba kale kuganiza zogulitsa matumba a kachewere. Abale anga, nambala imeneyo payokha sikuuzani kuti chithunzi chikongola.

Mvetserani. Kuseri kwa galasi la kamera kuli kachipangizo kotchedwa sensa, ntchito yake ndi kutchera kuwala monga timatchera madzi a mvula. Tiyerekeze pabwalo panu mwaikapo mabeseni 12 akuluakulu, mnzanu pabwalo lofanana ndi lanulo wandandalika timakapu 200. Ndani atunge madzi ambiri? Mvula yogwa pabwalopo ndi yomweyo. Chachikulu ndi kukula kwa bwalo, osati kuchuluka kwa ziwiya. Foni yokhala ndi sensa yaing'ono, ngakhale ailembe nambala yaikulu chotani pabokosi, kukada chithunzi chimatuluka cha mchengamchenga.

Ndipo tamverani izi: S24 Ultra yomweyo, ya 200 megapixel, mukangoitsegula n'kujambula, imaphatikiza timadontho 16 kukhala kamodzi n'kukupatsani chithunzi cha 12 megapixel. Eni ake akudziwa! Nokia 808 inali ndi 41 megapixel kalekale mu 2012. Pomwe iPhone, kuyambira 6s ya 2015 mpaka iPhone 13 ya 2021, kamera yake yaikulu inangokhala pa 12, koma anthu ankaitama dziko lonse. Nanga chithunzicho mukachitumiza pa WhatsApp mwachizolowezi, si amachichepetsanso kuti chisadye bandulo? Ndiye mwalipirira chiyani?

Ine ndinayesa ndekha pa msika wa Bembeke. Ndinabwereka foni yodula ya mnzanga, ndinatenganso Tecno yangayi. Masana ndinajambula mulu wa tomato ndi kabichi wa mayi ena atandilola. Nditawaonetsa zithunzi ziwirizo anayang'anitsitsa, n'kunena kuti, “Mwanawe, zonsezi ndi tomato wanga, palibe kusiyana.” Koma dzuwa litalowa, ogulitsa atayatsa matochi, apo ndiye yodula ija inaonetsa ukulu wake. Nkhope zinaoneka bwinobwino, vidiyo sinagwedezeke ngakhale ndinkayenda. Zimenezo zimachokera ku sensa yaikulu, galasi labwino ndi ubongo wa foniyo, osati nambala ya pabokosi ayi.

Ngati mwaphunzirapo kanthu, dinani kachala kaja ndi subscribe pompano, mutumizirenso m'bale wanu amene akusunga ndalama za foni. Sabata yamawa tikamba za ma power bank abodza, musadzaphonye.

Chachinayi, mwachidule: ikagwa pansi sikirini n'kusweka, nthawi zambiri ndi ulendo wa ku Lilongwe, ndipo ndalama yokonzetsera ikhoza kukugulirani foni ina yatsopano yapakatikati.

Chachisanu, chenjerani ndi zobwera nazo kunja. Ma iPhone ogulitsidwa ku America kuyambira iPhone 14 alibe polowetsa SIM khadi, amayendera eSIM yokha, yomwe ndi SIM yopanda khadi yokhala m'kati mwa foni momwemo. Msuweni wanga wa ku Ntcheu anaitanitsa ina, itafika anaitembenuza mbali zonse kufunafuna kabowo ka SIM, osakapeza. Musanapereke ndalama, yang'anani m'mbali mwa foniyo, mufunsenso ku TNM kapena Airtel ngati ikagwire ntchito pa nambala yanu.

Ndiye agule ndani? Ngati mumajambula maukwati, zinkhoswe ndi makwaya usiku n'kumalipidwa, gulani, ndi khasu lanu limenelo, ngakhale ya chaka chatha ikukwanirani ndipo mtengo wake umakhala utatsika. Koma ngati zanu ndi WhatsApp, Facebook, Mpamba ndi Airtel Money, funani foni ya batire ya 5,000 mAh ndi ma SIM awiri, yoti magetsi akathima m'mawa ikufikitseni madzulo. Lembani pansipa foni yomwe muli nayo ndi zaka zomwe yakhala nanu, ndiwerenga zonse. Zikomo, tionana Lachisanu.