Kodi mugule DAC yapadera? Onerani kaye musanatulutse ndalama

Moni nonse, takulandiraninso! Kabokosi kali m'manja mwangamu ndi DAC, ndipo ambiri mwakhala mukundifunsa ngati kangakometse nyimbo pa masipika anu apanyumba. Ena kakuthandizanidi, koma ambiri ayi. Musachoke, chifukwa pa nambala 3 pali bodza limene limandiwawa mumtima.

Choyamba, mwachangu. Nyimbo ya mu foni kapena pa fulashi ndi manambala okhaokha, pomwe sipika imafuna magetsi okwera ndi kutsika kuti inthunthumire. DAC ndiyo imasandutsa manambalawo kukhala magetsi amenewo. Foni ili nayo, laputopu ili nayo, TV nayonso. Ngakhale kachingwe kaja kanabwera Apple itachotsa bowo la mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, mkati mwake muli DAC. Ndiye kuti muli nayo kale.

Chachiwiri, akuifunadi ndani? Inu amene muli ndi ampu yakale yolimba, ya mabowo aja lofiira ndi loyera, koma TV yatsopano ili ndi bowo la optical lokha, lija limayaka kofiira kumbuyoko. Gulani DAC, yotchipa yomwe ikwanira. Koma mu TV, pa zosankha za mawu, musankhe PCM, ndiwo mtundu wamba wa mawu a digito umene DAC iliyonse imaumva. Mukasiya pa Dolby Digital, zambiri zotchipazi zimangoti shiii kapena kukhala duu. Winanso ndi inu amene laputopu yanu imaliritsa masipika: mukalowetsa chaja, zzzz, mukasuntha mouse kulirako kukusintha. Ine ndinavutika nazo zimenezi miyezi ingapo. DAC ya USB nthawi zambiri imathandiza, ngakhale phokoso lina limatha kudutsa m'chingwe chomwecho. Optical ndiye imaduliratu, poti m'chingwe chake mumayenda kuwala, osati magetsi.

A Bluetooth, inu khalani pansi. DAC yanu ili mu sipika momwemo, yakunja ilibe polowera.

Ngati zikukuthandizani, dinani subscribe ndi kabelu kaja, tipitirize.

Chachitatu, bodza lija. Mwaonapo chithunzi pa katoni kapena pa intaneti: mbali ino mzere wa nyimbo wooneka ngati masitepe, akuti ndi CD, mbali inayo mzere wosalala, alembapo 192 kHz kapena 384 kHz, kutanthauza kuyeza mawu ka 192,000 kapena ka 384,000 pa sekondi. Akufuna mukhulupirire kuti nyimbo yanu ili ndi manomano. Abale anga, masitepe amenewo kulibe! Sony ndi Philips atatulutsa CD mu 1982, anasankha kuyeza mawu ka 44,100 pa sekondi. Sanangolota nambalayi. Masamu a Nyquist ndi Shannon amasonyeza kuti ukamayeza mopitirira kawiri chiwerengero cha kunthunthumira pa sekondi kwa mawu opyapyala kwambiri amene ukuwafuna, umatha kuwabweza ndendende. Theka la 44,100 ndi 22,050. Khutu la mwana limalekeza cha pa 20,000, ndipo ife tadutsa zaka 40 ambiri sitifikanso pa 16,000.

Nanga madontho oyezedwa aja amalumikizana bwanji? Tamverani bwino apa. Pali mzere umodzi wokha umene ungadutse madontho onsewo popanda kudumpha malire a 22,050, ndipo ndi wosalala. Fyuluta ya mu DAC imatulutsa mzere umenewo. Monty Montgomery wa ku Xiph.Org anaonetsa poyera mu 2013: analowetsa mawu mu digito, n'kuwatulutsa, n'kuwaonetsa pa oscilloscope yakale, makina ojambula mzere wa magetsi pa sikirini. Mzere unatuluka see, wopanda sitepe ndi imodzi yomwe.

Zoti 24-bit imamveka bwino kuposa 16-bit ya CD nazonso chimodzimodzi. 16-bit imapereka pafupifupi 96 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu) pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa. Pabalaza panu, firiji ikulira, ana akusewera panja, simungamalize ngakhale zimenezo. 24-bit ntchito yake ndi ya mu situdiyo pojambula.

Wina akuti, "Koma achimwene, ine ndinamva kusiyana ndi makutu angawa." Sindikukutsutsani. DAC zambiri zimatulutsa mavolti awiri a magetsi, kuposa bowo la foni, ndipo chokwera pang'ono khutu limati ndicho chokoma. Yesani chonchi: linganizani voliyumu, tembenukani, mnzanu azisintha mawaya osakuuzani, kakhumi. Mundilembere m'munsimu kuti mwalondola kangati, ndikufunitsitsa kudziwa.

Chachinayi, ngati mulibe vuto la bowo kapena la phokoso, ndalamayo ikani ku masipika. Achotseninso pakona, akwezeni afike mulingo wa makutu mukakhala pampando. Ndipo MP3 ya 64 kbps palibe DAC imene ingaibwezere zimene zinatayika.

Sabata yamawa ndibwera ndi tepi yoyezera, tiike masipika awiri m'chipinda chaching'ono cha simenti, mumve nokha mmene besi imasinthira mukawasuntha masentimita 30 okha kuchoka pakhoma. Tionana!