Makalata a omvera: Ndani angapereke magazi?

Takulandiraninso ku gawo la makalata. Sabata yatha tinakamba za kusowa kwa magazi m'zipatala sukulu zikatsekera, poti ambiri opereka magazi kuno kwathu ndi ophunzira. Makalata atatu mwa amene tawalandira akhudza nkhani imene ambiri timailambalala, ya amuna ogonana ndi amuna anzawo. Eni ake apempha kuti tisatchule mayina.

Yoyamba yachokera ku Leeds, ku England:

"Achimwene, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno. Ndili ndi mwamuna mnzanga amene takhala limodzi kwa zaka zingapo, ndipo tonse tilibe wina kumbali. Nditangofika ndinamva kuti anthu ngati ife saloledwa kupereka magazi, ndiye sindinayeseko. Tsopano ndikumva kuti zinasintha. Kodi ndi zoona? Ndikuopa kukachita manyazi pagulu."

Achimwene, ndi zoona, zinasintha. Kumeneko kale mwamuna amene anagonanapo ndi mwamuna mnzake, ngakhale kamodzi kokha, ankaletsedwa moyo wake wonse. Mu 2011 ku England anati adzidikira miyezi 12 asanagonane ndi mwamuna, mu 2017 anatsitsa kufika miyezi 3. Kuyambira pa 14 June 2021 mafunso ndi amodzi kwa aliyense, mwamuna kapena mkazi. Ngati pa miyezi 3 yapitayi mwakhala ndi munthu mmodzi yemweyo, mutha kupereka. Amene amauzidwa kuti adikire miyezi 3 ndi amene wagonana kudzera kumbuyo ndi munthu watsopano kapena ndi anthu angapo. Monga mwafotokozeramu, pambali imeneyi palibe chokuletsani. Mafunsowa amafunsidwa panokha, osati pagulu.

Chimene chingakuchedwetseni mwina ndi malungo. Mukakhala kuti mwangochokera kumudzi kuno, adzakuuzani kuti mudikire miyezi 4, ndipo adzayeza magazi anu kuona ngati munadwalapo malungo. Musafooke nazo. Kumeneko odwala sickle cell, matenda a magazi amene munthu amabadwa nawo, amafuna kwambiri mtundu wa magazi wotchedwa Ro, umene umapezeka kwambiri mwa ife anthu akuda. Pitani, akukufunani.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi a ku Lilongwe, ndipo ndiiwerenga monga ailembera:

"Bambo, mwana wanga anataya magazi ambiri pobereka, anapulumuka chifukwa anamuika magazi. Ndikamva kuti mayiko ena akulola anthu amenewa kupereka, mtima wanga umagunda. Si iwo amene anabwera ndi Edzi? Bwanji osangowaletsa onse, nkhani ithe?"

Amayi, mantha anu ndawamva, ndipo sindikuwapeputsa. Amene anaona mwana wake atayera manja ndi maso pabedi la chipatala ali ndi ufulu wofunsa kuti magaziwo achokera kuti. Ziletsozi nazo sizinangobwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ku America matendawa anayamba kuonekera mwa amuna ogonana ndi amuna anzawo, pamene njira yoyezera kachilombo ka HIV m'magazi inali isanapezeke. Inabwera mu 1985. Ku Britain, kafukufuku wa boma amene lipoti lake linatuluka mu May 2024 anapeza kuti anthu oposa 30,000 anatenga HIV kapena matenda a chiwindi otchedwa hepatitis C kudzera m'magazi ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi, ndipo pafupifupi 3,000 anamwalira. Pa nthawi imene madokotala analibe choyezera, kuletsa gulu lonse kunali ndi chifukwa chomveka. Mpaka lero, kugonana kudzera kumbuyo kumapatsira kachilombo mosavuta kuposa njira ina, n'chifukwa chake funsolo likadalipo.

Koma kunena kuti iwo ndi amene anabwera ndi Edzi, ayi amayi, pamenepo ndikana. Kuno ku Malawi kachilomboka kafala makamaka pakati pa amuna ndi akazi, m'mabanja mwathu momwemu. Kafukufuku wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 alionse pafupifupi 9 ali ndi HIV, ndipo akazi ndi ochuluka kuposa amuna. Tikanati tiziletsa anthu potengera gulu, bwenzi tikuyamba ndi ife tomwe. Ndipotu zinatichitikira: ku England kunali funso lobweza munthu amene wagonana ndi wina amene anakhalapo ndi chibwenzi m'mayiko a kuno kwathu, kumwera kwa Sahara. Linachotsedwa kumapeto kwa 2021, anthu akuda atadandaula kwa nthawi yaitali.

Chimene chinateteza mwana wanu ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuyeza. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limayeza magazi amene latolera ngati muli HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko. Chachiwiri ndi mafunso aja, chifukwa munthu akangotenga kumene kachilombo pamadutsa nthawi chisanayambe kuoneka poyeza. Ndi makina amakono ofufuza kachilombo kenikeniko nthawiyo ndi masiku ochepa, ndi njira zakale imafika masabata angapo. Choncho choopsa chagona pa zimene munthu wachita posachedwa. Taganizani anthu awiri: bambo wapabanja amene mwezi watha anagona ndi akazi atatu popanda kondomu, ndi achimwene athu a ku Leeds aja amene ali ndi munthu mmodzi kwa zaka. Lamulo lakale linkalandira woyambayo n'kubweza wachiwiri. Ine ndikanakhala pabedi paja, ndikanasankha magazi a wachiwiriyo. Lamulo lonyazitsa anthu limawaphunzitsanso kunama pa fomu, ndipo bodza pa fomu ndi limene lingavulaze wodwala.

South Africa, dziko la anthu ochuluka kwambiri okhala ndi HIV padziko lonse, inasiya kusankha potengera gulu mu 2014. America inatsatira mu May 2023.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera ku Johannesburg, ndipo ikukamba za PrEP, mankhwala amene munthu wopanda HIV amamwa kuti asatenge kachilomboka:

"Akulu, ndimamwa PrEP tsiku lililonse ndipo ndilibe kachilombo. Mnzanga ali pa ma ARV ndipo kachilombo sikaonekanso m'magazi mwake. Tingapereke?"

Mphwanga, mukuchita bwino kudziteteza, ndipo musasiye PrEP kuti mukapereke magazi. Vuto lake ndi loti mankhwalawa atha kuchedwetsa kachilombo kuoneka poyeza ngati munthu wakatenga. Ku Britain ndi ku America womwa mapiritsi a PrEP amadikira miyezi 3 kuchokera pamene anamwa komaliza, ndipo ku America wa jakisoni amadikira zaka 2. Mukapita ku SANBS, bungwe lotolera magazi la kumeneko ku South Africa, nenani poyera kuti mukumwa PrEP, namwino akuuzani zoyenera. Mnzanuyo sangapereke. Ndi zoona kuti munthu amene kachilombo sikakuoneka m'magazi mwake sapatsira mnzake pogonana, koma kuika thumba lathunthu la magazi m'mitsempha ya wodwala ndi nkhani ina. Ngati mtima wofuna kuthandiza ulipo, muuzeni alimbikitse abale ndi anzake oyenera kuti apite m'malo mwake.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tiwerenga makalata okhudza amayi oyembekezera ndi kuchepa kwa magazi m'thupi, ndiye pitirizani kutilembera.