Ana ali ku Zomba, ine ndili ku Leeds

Moni abale anga kulikonse komwe mukumvera, ndangoweruka kumene night shift ndiye mawu akamakoka musadabwe. Asisi ena anandilembera kuti kodi mumapirira bwanji kukhala kutali ndi ana, ndiye lero tikambe zimenezo.

Amene simudziwa nkhani yanga, ntchito ya care, yosamalira okalamba ndi odwala, ndinaipeza kumapeto kwa 2023. Mu November momwemo kwacha inagwa ndi 44%, ndalama yomwe ndinasunga ya tikiti inangosanduka ya ndiwo. Tinakongola ku banki mkhonde, achimwene anagulitsa njinga yamoto, titati tiyambe za ana mapasipoti anasiya kutuluka, mukukumbukira kumayambiriro kwa 2024 anthu akungozungulira ndi malisiti m'manja. Tili pa mzere choncho, pa 11 March boma la kuno ku UK linasintha lamulo, kuti obwera kudzagwira care asamabwerenso ndi banja. Mapepala anga analowa tsikulo litadutsa. Mnzanga amene tinayambira limodzi ali kuno ndi amuna ake ndi ana atatu, ine anga awiri ali ku Chinamwali ndi agogo awo.

Ndiye munthu akandiuza kuti "nthawi ya Mulungu ndi yabwino" mwana wake ali pa miyendo, kunena zoona zimandiwawa. Mawuwo ndi oona koma ena amawanena kuti nkhani ithe msanga akaphike.

Nditafika ndinkayendetsa nyumba ya ku Zomba pa WhatsApp. Adya chani, homuweki walemba, neti mwamanga, magetsi akazima foni osapezeka ine kuno mtima uli phaphapha kuganiza maliro. Tsiku lina amayi anandiyankha kuti, "Iwe, amene anakulera iwe ndi ndani? Kapena Mulungu unakwera naye ndege, kuno sanatsale?" Ndinaseka koma usiku umenewo sindinagone.

Kuntchito kuli agogo ena aamuna, sayenda, timawanyamula ndi makina otchedwa hoist, timawaveka chinsalu cholimba kumsana ndi kumiyendo kenako makina amawakweza pang'onopang'ono kuchoka pa bedi kupita pa mpando. Tsiku lililonse amagwira chitsulo cha bedi zolimba mpaka zala kuyera, ndipo akagwira choncho sitingawasunthe, timangoima kuwanyengerera kuti tayani tilipo. Akataya nkhani yake ndi ya mphindi imodzi basi. Ine ndikamawamasula zala chimodzichimodzi ndimadziwa kuti pemphero langa limakhala lotero, pakamwa "Ambuye chitani kufuna kwanu" koma dzanja lili pa chitsulo.

Nkhani ya Yosefe ndimaiwerenga mwina masiku ano. Mnyamatayu kundende sanangokhala chete, anauza woperekera chikho wa Farao kuti mukatuluka mukandikumbukire, connection yeniyeni imene ija, koma munthuyo anaiwala, zaka ziwiri zathunthu. Anagulitsidwa ali ndi zaka 17, anaima pamaso pa Farao ali ndi 30. Ife m'tchalitchi timathamangira pa mpando wa ulemu paja, zaka ziwiri zija mlaliki amazidumpha ndi mpweya umodzi, pomwe ambiri tili m'menemo.

Musamve ngati ndakhala manja lende ayi. Fizi ndimatumiza, ndikuwerenga kuti ndikwere pa ntchito, ndikusunga ya tikiti yokawaona. Paja amati ukatha zaka 5 ukhoza kupempha chilolezo chokhala kuno mokhazikika, mu 2025 anayamba kukamba za zaka 10, zimenezo sindingazisinthe ngakhale nditasala kudya mwezi. Chomwe ndinasiya ndi kumupatsa Mulungu deti. Poyamba ndinkati pofika December ana akhale atafika, December akadutsa ndimakwiya, Lamulungu osapita kutchalitchi.

Pano timaimbirana Lachitatu ndi Lamulungu madzulo, wamkulu uja akulemba Standard 8 chaka chino ndipo wandiuza yekha kuti ndisamamufunse za masamu. Asisi munandilembera aja, sindingakulonjezeni kuti ana anu abwera liti, anganso sindikudziwa. Tumizani voice note mundiuze ali ndi zaka zingati, akusungidwa ndi ndani, Lachisanu tikamapemphera ndi azimayi anzanga kuno tidzawatchule mayina.