Chimangirizo cha ku yunivesite: kuyankha funso m'malo mokhuthula zonse zimene mwawerenga

Moni kwa inu nonse amene mukuonera. M'vidiyo ino tikambirana za kalembedwe ka chimangirizo cha ku yunivesite, chimene ophunzira ambiri amangochitchula kuti essay kapena asayimenti, ndipo tiyambira pa vuto limene limagwetsa mphwayi ophunzira a chaka choyamba. Munthu amakhala m'laibulale sabata yathunthu, amawerenga mabuku asanu, amadzaza masamba khumi, koma pepala likabwera amapeza malikisi ochepa ndi mawu a mphunzitsi m'mphepete akuti funso silinayankhidwe. Akadandaula sitingamunene, chifukwa thukuta adakhetsadi. Pamene padalakwika m'pakuti iye adalemba zonse zimene akudziwa pa mutuwo, chonsecho mphunzitsi ankafuna kumva yankho lake pa funso limodzi pamodzi ndi zifukwa zimene wayankhira choncho.

Mawu akuti essay adachokera ku Chifalansa ndipo amatanthauza kuyesa. Amene adawatchukitsa ndi Michel de Montaigne, mlembi wa ku France, yemwe mu 1580 adasindikiza zolemba zoyesa maganizo ake pa nkhani zosiyanasiyana. Chimangirizo cha ku yunivesite chili ndi malamulo ambiri kuposa zolemba za Montaigne, komabe ntchito yake ikadali yomweyo: wolemba amatenga ganizo limodzi n'kuliyesa ndi umboni kuti aone ngati lingaime.

Kuti tisamangoyankhula m'malere, titenge funso limodzi la mbiri yakale, limene mukuliona pa sikirinipo: "Makina osindikizira mabuku ndiwo adachititsa kuti ziphunzitso za Martin Luther zifalikire ku Ulaya. Unikani mfundoyi." Luther adali wansembe wa ku Germany amene adadzudzula mpingo wa Katolika. Musanatsegule buku lililonse, yang'anitsitsani mawu awiri. Oyamba ndi akuti "ndiwo", amene akusonyeza kuti makinawo akupatsidwa udindo wonse, ndipo achiwiri ndi akuti "unikani", amene akukupemphani kuti muweruze ngati zimenezo zili zoona. Funso likadanena kuti "fotokozani", kulongosola zimene zidachitika kukadakwanira. Apa ayi. Wophunzira amene ayambe ndi tsiku lobadwa la Luther, n'kutiyendetsa m'moyo wake wonse mpaka imfa yake, alemba zoona zokhazokha, koma akhala atayankha funso limene sadafunsidwe.

Mukamaliza kuwerenga, yesani kunena yankho lanu m'chiganizo chimodzi kapena ziwiri, ngati kuti mnzanu wakufunsani muli chiimire ndipo akufulumira. Yankho lofooka limamveka chonchi: "Pali zifukwa zambiri zimene zidachititsa kuti ziphunzitso za Luther zifalikire." Palibe amene angatsutse chiganizo chimenechi, ndipo kufooka kwake kuli pomwepo, chifukwa mfundo imene munthu sangaitsutse siifuna masamba khumi oitchinjiriza. Yankho lamphamvu likhoza kukhala ili: "Makina osindikizira adachititsa kuti maganizo a Luther ayende mofulumira kuposa m'mene akuluakulu a mpingo akadawaletsera, koma maganizowo adazika mizu makamaka m'madera amene olamulira ake adawateteza." Chiganizo chotere chimalowa m'chiyambi, kawirikawiri chakumapeto kwake, ndipo ndime iliyonse ya thunthu iyenera kuchigwirira ntchito. Ndime imene sikuchithandiza ichotsedwe, ngakhale mutaikonda bwanji.

Tsopano timange ndime imodzi pamodzi, pakuti pa ndime m'pamene malikisi ambiri amapezeka kapena kutayika. Chiganizo choyamba chinene mfundo ya ndimeyo: kufulumira kwa makina ndiko kudasiyanitsa Luther ndi ena amene adadzudzula mpingo iye asanabwere. Kenako pabwere umboni. Jan Hus wa ku Bohemia, dera limene lero lili m'dziko la Czech, adadzudzula mpingo zaka pafupifupi 100 Luther asanatero, ndipo adatenthedwa ku Konstanz mu 1415, nthawi imene mabuku ku Ulaya ankakoperedwa pamanja. Johannes Gutenberg, amene adayambitsa makina osindikizira ku Ulaya, adayamba kusindikiza ku Mainz cha m'ma 1450, kotero kuti Luther atalemba mfundo zake 95 ku Wittenberg mu 1517, chakacho chisanathe zidali zitasindikizidwa kale ku Leipzig, ku Nuremberg ndi ku Basel. Ophunzira ambiri amaimira pamenepa n'kupita ku ndime ina, poganiza kuti zaka ndi maina zadzifotokoza zokha. Sizitero. Wolemba ayenera kuonjezera mawu ake osonyeza tanthauzo la umboniwo, mwachitsanzo akuti otsatira a Hus adakhalabe ambiri ku Bohemia koma uthenga wake sudapite patali, pamene wa Luther udadutsa malire a mizinda ndi maiko akuluakulu asanagwirizane chochita nawo. Ziganizo zomasulira umbonizi ndizo mphunzitsi amazifunafuna ndi cholembera m'manja, chifukwa zaka akhoza kuzipeza m'buku lililonse, koma kulingalira kwanu sangakupeze kwina.

Pali chinthu china chimene ophunzira amachiopa, ndicho kutchula umboni wotsutsana ndi mfundo yawo. Amaganiza kuti akautchula adzichotsera malikisi, choncho amaubisa n'kumayembekeza kuti woyesa sauzindikira. Koma woyesayo wakhala akuwerenga za mutuwo kwa zaka, ndipo mpata umenewo amauona msanga. M'funso lathuli, mzinda wa Venice wa ku Italy udali pakati pa malo osindikiza mabuku ambiri zedi ku Ulaya, komabe Italy idakhalabe m'manja mwa mpingo wa Katolika. Zikadakhala kuti makina okha ngokwanira, zinthu sizikadatero. Umboni umenewu ndi umene ukukakamiza wolemba kulankhula za ndale: Luther ataweruzidwa ku Worms mu 1521, Frederick wolamulira Saxony adamubisa m'nyumba ya malinga ya Wartburg, kumene adamasulira Chipangano Chatsopano m'Chijeremani, ndipo chidasindikizidwa mu 1522. Mukuona kuti theka lachiwiri la yankho lathu lija labadwa kuchokera ku umboni umene poyamba unkaoneka ngati mdani wathu.

Za mathero tinene mwachidule. Bwererani ku funso, nenani pamene umboni wakufikitsani, ndipo musayambitse mfundo yatsopano imene mulibenso malo oitsimikizira.

Tibwere ku nkhani yotchula kumene mwatenga mfundo, imene ambiri amaisiya mpaka usiku womaliza. Dipatimenti iliyonse imasankha njira yake, ndipo choyamba n'kufunsa kuti yanu imatsata iti. Njira ya APA, imene buku lake lachisanu ndi chiwiri lidatuluka mu 2019, imafuna kuti mutchule dzina la wolemba ndi chaka m'kati mwa ndime, ndipo ngati mwatenga mawu ake enieni muwaike m'mitengero ndi kuonjezera nambala ya tsamba. Mawuwo akafika 40 kapena kupitirira, amalembedwa paokha ngati kandime kolowa m'kati, popanda mitengero. Olemba mbiri yakale ambiri amakonda njira ya Chicago, imene imaika tinambala m'ndime ndi tsatanetsatane wa buku m'munsi mwa tsamba. Palibe njira yoposa inzake. Cholakwa n'kusakaniza ziwiri m'pepala limodzi. Pulogalamu yaulere ya Zotero imasunga tsatanetsatane wa buku lililonse pamene mukuwerenga, koma ngakhale kope wamba likwanira, bola muzilemba dzina, chaka ndi tsamba nthawi yomweyo.

Chizolowezi chimenechi chimakutetezaninso ku mlandu wakuba ntchito ya wina, umene pa Chingerezi amautchula kuti plagiarism, mawu ochokera ku Chilatini otanthauza wakuba anthu. Ambiri amene amagwa m'mlanduwu sadakonze zoba. Adakopera chiganizo m'kope lawo popanda mitengero, ndipo patapita masabata awiri adaiwala kuti sichidali chawo. Kusintha mawu awiri kapena atatu m'chiganizo cha wina sikuchisandutsa chanu. Njira yodalirika ndi kuwerenga ndimeyo, kutseka buku, kulemba ganizolo m'mawu anu, kenako n'kutchulabe mwini wake, pakuti ganizolo likadali lake ngakhale mawu ali anu. Tinene pano kuti nambala imene Turnitin, pulogalamu yoyerekeza pepala lanu ndi zolemba za ena, imaonetsa ndi ya kufanana kwa mawu chabe, ndipo payokha siitsimikiza kuti munthu waba kapena sanabe. Amene amaweruza ndi mphunzitsi akayang'ana malo amene afananawo. Chenjeraninso ndi mapulogalamu olemba okha a pa intaneti, chifukwa nthawi zina amapeka maina a mabuku amene kulibe, ndipo buku limene simunalione ndi maso anu musalitchule.

Chatsala ndi kukonza, ndipo kumafuna kuti mumalize kulemba tsiku limodzi kapena awiri tsiku lopereka lisanafike, kuti mudzawerenge pepalalo ngati mlendo. Yambani ndi kuwerenga chiganizo choyamba chokha cha ndime iliyonse, kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati ziganizo zimenezo pazokha zikufotokoza yankho lanu mwandondomeko, thunthu laima bwino, koma ngati zikudumphadumpha, sunthani ndimezo musanataye nthawi ndi mipumiro. Mukatero werengani pepala lonse mokweza mawu, chifukwa khutu limagwira chiganizo chosokonekera chimene diso limachilumpha. Pomalizira pake yerekezani chiyambi ndi mathero. Kawirikawiri mudzapeza kuti pamene munkalemba maganizo anu adasunthako, ndipo yankho la m'mathero ndi lakuthwa kuposa limene mudalonjeza pachiyambi. Zikatero, bwererani ku ndime yoyamba mukailembenso kuti igwirizane ndi kumene mwafika, kenako onetsetsani kuti dzina lililonse limene mwatchula m'ndime likupezekanso pa mndandanda wa mabuku kumapeto kwa pepala.